Mphindi 25 za Mr. Bean: kodi phwete la mu sitcom amalitchera bwanji?

Pakangopita miyezi ingapo, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp pamatulukira uthenga woti Mr. Bean watisiya. Nthawi zonse uthengawu umapezeka kuti ngwabodza, koma ukangofala anthu amayamba kutumizirana tizidutswa ta masewero ake akale, ndipo mkangano umabuka. M'malo ometera tsitsi ku Ndirande kapena pa siteji ya minibasi ku Limbe mudzamva wina akunenetsa kuti mkulu ameneyu mutu wake sukoka, n'chifukwa chake amatha kuchita zimene zija. Wina amati palibe luso lililonse pamenepo, aliyense akhoza kukwinya nkhope pamaso pa kamera. Palinso funso limene ana amakonda kufunsa, akuluakulu n'kungoti kukamwa yasa: anthu amaseka chikhakhali kumbuyo aja ndi ndani, nanga amakhala pati popeza sitiwaona?

Mayankho ake alipo, ndipo amaoneka bwino tikatenga gawo limodzi la seweroli n'kuliunika bwinobwino. Titenga gawo loyamba lenileni, lija la mayeso a masamu, la kugombe ndi la m'tchalitchi.

Sitcom n'chiyani?

Sitcom ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti situation comedy. Ndi sewero loseketsa la pa wailesi kapena pa kanema lomwe limabwera m'magawomagawo, anthu ake ali omwewo, malo ake nthawi zambiri ali omwewo, koma vuto la gawo lililonse lili latsopano. Chimene chimalisiyanitsa ndi masewero ngati Tikuferanji kapena Zimachitika n'chakuti m'masewero amenewo nkhani imapitirira, munthu amalakwa, amakumana nazo, mwina amasintha, ndipo omvera amatolapo phunziro. Mu sitcom munthu saphunzira. Sabata ino wagwa m'dzenje, sabata yamawa adzabwera ndi khalidwe lomwelo n'kugwa m'dzenje lina. Oonera amabwerera chifukwa akumudziwa kale, ndipo kumudziwako ndi theka la phwete.

Masewero a mtunduwu adayambira pa wailesi. Pa kanema, BBC idaonetsa Pinwright's Progress mu 1946, ndipo ku America I Love Lucy, yomwe idayamba mu 1951, ndiyo idakhazikitsa kajambulidwe kamene ambiri adatsata pambuyo pake: makamera atatu kujambula nthawi imodzi, anthu oonerera atakhala momwemo mu situdiyo. Ku America gawo limodzi limakhala la mphindi pafupifupi 22, zotsalazo pa theka la ola n'za otsatsa malonda.

Mr. Bean ali m'malire. Ena amamuika m'gulu la sitcom chifukwa munthu wake ndi mmodzimodzi m'magawo onse, sasintha, ali ndi galimoto lake, chipinda chake ndi kachidole kake. Ena amati ndi timasewero tifupitifupi tongolumikiza, popeza gawo limodzi limakhala ndi nkhani ziwiri kapena zitatu zosadalirana kwenikweni. Onse ali ndi mfundo. Kwa ife ubwino wake ngwakuti salankhula zambiri, choncho kapangidwe ka nthabwala kamaonekera poyera.

Munthu wake ndi gawo lake

Amene amasewera ngati Mr. Bean ndi Rowan Atkinson, wobadwa mu 1955 ku England. Adaphunzira za magetsi ku yunivesite ya Newcastle, kenako n'kukatenga digiri yachiwiri ku Oxford, komwe adakumana ndi mlembi Richard Curtis. Khalidwe la Bean adayamba kuliumba ali komweko. Mu 1987 adakaliyesa pa chikondwerero cha nthabwala cha Just for Laughs mumzinda wa Montreal ku Canada, ndipo adapempha dala kuti akasewere pamaso pa anthu olankhula Chifalansa. Ankafuna kuona ngati anthu angaseke popanda kumva mawu ake. Nkhani yoti mutu wake sukoka ithere pomwepa: munthu amene amayesa nthabwala zake mwadongosolo chonchi akudziwa bwino lomwe chimene akuchita. Iye mwini amamufotokoza Bean ngati mwana amene ali m'thupi la munthu wamkulu.

Gawo loyamba lidaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya ITV ku Britain pa 1 January 1990. Adalilemba anthu atatu, Atkinson, Curtis ndi Ben Elton, ndipo adalitsogolera ndi John Howard Davies. Chaka chomwecho lidapata mphotho ya Rose d'Or ku Montreux m'dziko la Switzerland. Magawo onse a seweroli alipo 15 okha, opangidwa pakati pa 1990 ndi 1995. Ambiri amadabwa akamva chiwerengero chimenechi, poti amaganiza kuti alipo mazana. Yerekezani ndi Friends ya ku America, yomwe idatulutsa magawo 236 kuyambira 1994 mpaka 2004, ili ndi gulu lalikulu la alembi. Ku Britain mwambo ndi woti alembi awiri kapena atatu alembe magawo ochepa, modekha. Fawlty Towers, yomwe ambiri kumeneko amaitama kwambiri, ili ndi magawo 12 basi.

M'chipinda cha mayeso

Amene adatcherapo msampha wa mbewa kapena wa nkhwali amadziwa kuti ntchito yonse ili pa kutchera. Umasankha njira imene nyama imadutsa, umapinda mtengo, umabisa chingwe, umaika nyambo. Kufwamphuka kumangotenga kamphindi. Nthabwala ya mu sitcom imayenda chimodzimodzi: chimene timakumbukira ndi kufwamphuka, koma mlembi adatuluka thukuta pa kutchera, ndipo adatchera ife tikuona osazindikira.

Taonani mmene nkhani ya mayeso imayambira. Bean wakhala pa desiki pafupi ndi mnyamata wina. Akucheza pang'ono mayeso asanayambe, ndipo awa ndi ena mwa mawu ochepa amene Bean amalankhula m'gawo lonseli. Iye akuti wakonzekera kwambiri trigonometry. Mnzakeyo akuti wawerenga calculus. Bean akumuuza kuti calculus ndiyo idabwera chaka chatha, kenako akuseka mwachinunu, kukondwera kuti mnzake wagwa nayo. Pamenepa alembi achita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Atiuza kuti pali mitu iwiri ya masamu, ndiponso atipatsa chilolezo choti timuseke Bean zikamuvuta, chifukwa wayamba yekha kuseka mnzake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kwa Bean mawa lakelo likufika pasanapite nthawi.

Kenako akutulutsa zolembera. Chimodzi, china, chinanso, mpaka mulu. Akutulutsa tizidole tomubweretsera mwayi, akutulutsa wotchi ya alamu n'kuiika pa desiki. Timaseka kuchuluka kwa katunduyo, n'kumaganiza kuti nthabwala yathera pomwepo. Ayi ndithu, zonsezi ndi zingwe zobisika.

Watsegula envulopu, watulutsa pepala, ndi la calculus. Nkhope yagwa. Kuyambira apa mpaka pafupi ndi mapeto, nkhani ndi imodzi yokha: akufuna kuonera za mnzake. Chimene chimapangitsa kuti mphindi zimenezi zisatopetse n'chakuti njira iliyonse imaposa inzake kulimba mtima. Akuyamba n'kuponya diso chabe. Akusendera pang'onopang'ono. Akuuzira mpweya pepala la mnzake kuti litukuke aone kunsi kwake. Akumupusitsa kuti ayang'ane kumbali. Alembi akadayamba ndi njira yoipitsitsa, zotsatirazo zikadazizira. Amakwera masitepe mmodzimmodzi, ndipo woyang'anira mayeso, yemwe adasewera ndi Rudolph Walker, amangofunika kudzutsa mutu kuti Bean abwerere pansi n'kuyambiranso. Pomaliza wagonja, akulira kuitana mayi ake, wagoneka mutu pa desiki.

Ndiye woyang'anira akulengeza kuti kwatsala mphindi 2. Akuwonjezera kuti amene ayankha pepala lobiriwira la calculus aike m'bokosi lobiriwira, amene ayankha pepala loyera la trigonometry aike m'bokosi loyera. Bean akusuzumira mu envulopu muja. Pepala la trigonometry linali momwemo nthawi yonseyi.

Apa ndiye pofwamphukira, ndipo mphamvu yake ikuchokera kumbuyo. Mavuto onse amene taonerera aja asanduka opanda pake m'chiganizo chimodzi. Yankho linali pa desiki, pamaso pake ndi pamaso pathu. Zingwe zina zija zikutsatira motsatizana: mwa zolembera zonse zija, chimene wagwira chikukana kulemba mpaka akulanda cha mnzake, nthawi yatha iye akulembabe, woyang'anira akumukalipira, ndipo pamene chipinda chati zii, alamu ija ikulira. Palibe chimene adatulutsa m'thumba pachabe.

Kwa ine chidutswa ichi ndicho cholembedwa mwaluso kuposa zinzake ziwirizo, ndipo sichifuna kumasulira kwa aliyense amene adakhalapo m'holo ya mayeso a MSCE, n'kutembenuza pepala, n'kupeza kuti mutu umene adausiya dala ndiwo uli pa funso loyamba.

Kugombe ndi m'tchalitchi

Nkhani ya kugombe ndi yaifupi ndipo yaima pa mwendo umodzi. Bean watsika masitepe ataliatali kufika m'mphepete mwa nyanja, akufuna kuvala kabudula wosambira, koma pafupi pakhala bambo wovala magalasi akuda. Manyazi amugwira. M'malo movula thalauzi, akuvala kabudulayo pamwamba pa thalauzi, kenako akulimbana kuti atulutse thalauzilo kunsi kwa kabudula, mwendo umodzi kenako unzake, akudzipinda ngati alibe mafupa. Wakwanitsa, akunyadira. Bambo uja akudzuka, akutambasula ndodo yoyera, akuchoka. Ndi munthu wosaona.

Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka mayeso: khama lalikulu, kenako chinthu chimodzi chimene chikulisandutsa lachabe. Magalasi akuda aja tinawaona kuyambira pachiyambi, koma kugombe aliyense amavala magalasi otere, choncho sitinakayike.

M'tchalitchi zinthu zatembenuka. Bean wakhala pa benchi limodzi ndi bambo waulemu wake, yemwe adasewera ndi Richard Briers. Ulaliki ukumveka ngati kung'ung'udza chabe, palibe liwu limene mungalitole. Bean wayetsemula mwamphamvu, alibe kansalu kopukutira, ndiye akutulutsa nsalu ya m'kati mwa thumba la jekete n'kupukutira mamina, n'kuibwezera. Timanyansidwa, timaseka, nkhani ikupitirira. Tulo tamugwira, akusinza, akutsetsereka mpaka pansi. Akufuna kudya switi mobisa, koma pepala lake likuchita phokoso ndipo bambo uja akungomuyang'ana. Switiyo yagwera m'malaya. Nyimbo yayamba, Bean alibe buku ndipo mawu sakuwadziwa, akungong'ung'udza mpaka pofika pa Aleluya, pamene akukuwa kuposa mpingo wonse. Uku akuimba, uku akudzigwedeza kuti switi itsike. Waipeza. Ali pafupi kuiponya m'kamwa, bambo uja wacheuka, ndipo Bean mwamsangamsanga akuibisa m'thumba. Thumba lake lija.

Pano palibe chimene alembi atibisira. Tinaona mamina akulowa m'thumbamo mphindi zingapo zapitazo. Amene waiwala ndi Bean. Timayamba kuseka dzanja lisanafike n'komwe, chifukwa tili patsogolo pake.

Ndani akudziwa, ndani sakudziwa

Zidutswa zitatuzi zikuonetsa chida chachikulu chimene mlembi wa sitcom ali nacho: amasankha amene adziwe chinthu, ndi nthawi imene achidziwe. Pa mayeso ndi kugombe, ife ndi Bean tonse tili mumdima, ndipo kuseka kumabwera kamodzi, mwadzidzidzi, choonadi chikatulukira. M'tchalitchi ife tikudziwa, iye ayi, ndipo kuseka kumayamba msanga n'kumakula pamene tikudikira. Wopanga mafilimu Alfred Hitchcock ankafotokoza kusiyana kumeneku ndi chitsanzo cha bomba lobisika kunsi kwa tebulo: likangophulika oonera osadziwa, amadzidzimuka kwa masekondi ochepa, ukawaonetsa bombalo poyamba, amakhala mitima ili m'mwamba nthawi yonse imene anthu a patebulopo akucheza. Iye ankanena za mafilimu oopsa, koma a nthabwala amagwiritsa ntchito lamulo lomwelo.

Umboni wake uli mu I Love Lucy. M'gawo lina la mu 1957, Lucy wabisa mazira ambiri m'malaya, ndipo mwamuna wake, yemwe sakudziwa kanthu, akuti ayeserere gule wa tango. Oonera akudziwa kuti guleyu amathera pokumbatirana mwamphamvu. Mazira ataphwanyika, anthu a mu situdiyo adaseka kwa masekondi pafupifupi 65, kuseka kotalika kuposa kwina kulikonse m'mbiri ya seweroli.

Chida china ndi nthabwala yobwerezabwereza. M'gawo loyambali muli kagalimoto ka buluu ka matayala atatu, ka mtundu wa Reliant, komwe Bean amakachitira nkhanza kangapo: amakakankhira kunja kwa msewu, amakachotsa pamalo oimikapo magalimoto kuti aikepo lake. Tikangokaona kachiwiri timayamba kumwetulira, poti tikudziwa chimene chikubwera. Kumapeto alembi akuphwanya chizolowezi chimene atiphunzitsa okha: amene akuchita ngozi ndi Bean, ngoziyo sitikuiona, timangomva phokoso n'kuona tayala likubwera lokha likudumphadumpha. Mini ya m'gawo limeneli ndi ya mtundu wa lalanje; yobiriwira ya boneti yakuda imene ambiri amaidziwa idabwera m'magawo otsatira. Kagalimoto ka buluu kaja kadapitirira kuzunzika m'magawo ena, ndipo woyendetsa wake sationetsa nkhope.

Palinso munthu amene ambiri samuwerengera: uja wosaseka. Mnyamata wa pa mayeso, woyang'anira, bambo wa m'tchalitchi, onsewa ntchito yawo ndi kukhala anthu wamba. Iwo ndiwo muyezo. Bambo wa m'tchalitchi uja akadayamba nayenso kuchita zachibwana, switi ija sikadakhala vuto, chifukwa palibe amene Bean akadamuopa. Amene adaonerapo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, akudziwa kuti anthu awiri pa siteji sangakhale oponya okhaokha. Pamafunika wina wowakha ndi kubweza. Nyanga adamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021.

Nanga timasekeranji?

Anthu ophunzira akhala akukangana za funsoli kwa zaka mazana, ndipo sadagwirizane chimodzi. Thomas Hobbes, mu 1651, ankati timaseka tikadziona mwadzidzidzi kuti tili pamwamba pa wina: Bean wagwa nayo, ife tili bwinobwino pa mpando. Immanuel Kant, mu 1790, ankati kuseka kumabwera pamene chiyembekezo chimene chinakokedwa kwambiri chasanduka chabe, ndipo mukawerenga zimenezi mungaganize kuti ankaonera nkhani ya kugombe ija. Mfalansa Henri Bergson, mu 1900, ankati timaseka munthu akayamba kuchita zinthu ngati makina, osasintha ngakhale zinthu zasintha. Sigmund Freud, mu 1905, ankati nthabwala imatsegulira zimene timazipondereza mumtima chifukwa cha malamulo a chikhalidwe.

Ganizo la Freud likufotokoza bwino chifukwa chimene alembi adasankhira malo amenewa. Holo ya mayeso ndi tchalitchi ndi malo a chete, a malamulo okhwima, kumene ngakhale kutsokomola kumamveka. Aliyense adalimbanapo ndi tulo pa ulaliki wautali masana a dzuwa la October. Bean amachita poyera zimene tonse tidazilakalaka kapena kuziopa. Switi yomweyo akadadyera pa msika wa Limbe palibe akadaseka.

Mu 2010 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Colorado, Peter McGraw ndi Caleb Warren, adabwera ndi ganizo lophatikiza: chinthu chimaseketsa ngati chikuphwanya lamulo linalake koma nthawi yomweyo tikuona kuti palibe choopsa chenicheni. Chisuweni chimayenda motero. Mawu amene msuweni wako angakunene pagulu anthu n'kufa ndi phwete, atanena mlendo pakhoza kukhala mlandu wofika kwa amfumu. Mawu ndi omwewo, chasintha ndi chitetezo. Ngozi ya galimoto ya Bean timaiseka chifukwa sitiona magazi, ndipo tikudziwa kuti gawo lotsatira adzakhala ali bwinobwino.

Anthu oseka kumbuyo aja

Kuseka kumene timamva mu sitcom kumachokera m'njira zingapo, ndipo khutu lokha silingasiyanitse msanga. Njira yoyamba ndi ya anthu enieni amene amakhala mu situdiyo sewero likujambulidwa, maikolofoni atapachikidwa pamwamba pawo. I Love Lucy ndi Friends ankajambula chonchi. Ochita sewero amamva kusekako ndipo amadikira kuti kutsike asanalankhule mawu otsatira. N'chifukwa chake mukachotsa phokosolo, anthu a m'seweromo amaoneka ngati akungoima n'kumayang'anizana popanda chifukwa.

Njira yachiwiri imagwira ntchito pa zidutswa zojambulidwa panja, monga kugombe kapena pamsewu, kumene sungasonkhanitse oonerera. Ku Britain mwambo unali woti zidutswa zoterezi aziwaonetsa anthu mu situdiyo pa makanema, n'kujambula kuseka kwawo. Anthuwo ndi enieni, kuseka n'kwenikweni, kungoti sadali pamalopo.

Njira yachitatu ndi imene amaitcha laugh track, kutanthauza kuseka kojambulidwa kale kumene amakuthira m'sewero pambuyo pake. Ku America idayamba kumveka pa kanema mu 1950 m'sewero la The Hank McCune Show. Katswiri wa zamawu wa ku wailesi ya kanema ya CBS, Charley Douglass, adapanga makina okhala ndi mabatani, lililonse lotulutsa mtundu wake wa kuseka: kwa amayi, kwa abambo, kwapansipansi, kwa chikhakhali. Kwa zaka zambiri masewero ochuluka a ku America ankadalira makina akewo, ndipo ankawasunga mwachinsinsi. Ngakhale sewero lojambulidwa pamaso pa anthu, nthawi zina amaliwonjezera kuseka pamene nthabwala sinagwire, kapena kudula pamene anthu aseka motalika kwambiri.

Amavutikiranji chonchi? Chifukwa kuseka n'kopatsirana. Katswiri wa ku America Robert Provine adapeza kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kusiyana ndi akakhala yekha. Mu 2019 ofufuza a ku University College London, mmodzi mwa iwo Sophie Scott, adamvetsera anthu nthabwala zozizira dala, zina zokhala ndi kuseka kumapeto, zina zopanda. Anthu adati zokhala ndi kuseka n'zoseketsa kwambiri, makamaka pamene kusekako kunali kochokera pansi pa mtima osati kokakamiza. Amene adaonerapo filimu m'vidiyo sho yodzaza ku Bangwe kapena ku Mbayani, kenako n'kuionera yekha pa foni, adzavomereza kuti si filimu imodzi.

Pali otsutsa. Iwo amati kuseka kothira ndi kunyoza oonera, kuwauza poti aseke ngati sangadziwe okha. Opanga sewero la M*A*S*H adalimbana ndi CBS pa nkhaniyi mpaka adagwirizana kuti m'zidutswa za m'chipinda cha opaleshoni musamamveke kuseka, ndipo BBC inkaonetsa seweroli popanda kuseka konse. Kuyambira cha m'ma 2000, masewero ngati Malcolm in the Middle, The Office ndi Modern Family adasiyiratu, ndipo m'malo mwa phokoso amagwiritsa ntchito chete wochititsa manyazi kapena munthu kuyang'ana mu kamera. Oikira kumbuyo njira yakale amati sitcom idabadwa kuchokera ku zisudzo za pa siteji, ndipo ochita sewero amasewera bwino akamamva anthu akuyankha.

Za m'kamwa ndi za thupi

Kuno kwathu nthabwala zidakulira m'khutu. Wailesi ya MBC idayamba mu 1964, pamene wailesi ya kanema ya dziko lino, TVM, idatsegulidwa mu 1999. Zaka 35 zimenezo anthu ankaseka Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino osaona nkhope ya aliyense, ndipo ofuna kuona ndi maso ankapita ku zisudzo za magulu ngati Kwathu ku French Cultural Centre, komwe pano ndi Blantyre Cultural Centre. N'zosadabwitsa kuti mphamvu ya azisudzo athu ambiri ili pa lilime: kupotoza mwambi, kumva mawu molakwika dala, kuyankha mkulu mwaulemu wonyoza, kutengera kalankhulidwe ka munthu wa kumudzi amene wafika kumene m'tauni. Michael Usi adatchuka ngati Manganya mu Tikuferanji makamaka chifukwa cha pakamwa.

Nthabwala ya m'kamwa imalowa mozama kwa eni chilankhulo, koma imavutika kuwoloka malire. Mukaimasulira m'Chingerezi imafika itafa. Ya thupi imayenda popanda chiphaso, n'chifukwa chake Mr. Bean adagulitsidwa m'mayiko ambirimbiri ndipo anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa alibe ntchito yambiri pa iye. Koma nayo ili ndi mtengo wake. Imafuna kuyeserera kwambiri, chifukwa dzanja likafika m'thumba sekondi imodzi msanga, kapena kamera ikakhala mbali yolakwika osaonetsa kuti ndi thumba liti, nthabwala yonse yatayika. Pa wailesi ungapulumuke ndi kupeka mawu pomwepo. Nkhani ya envulopu ija singapekedwe pomwepo. Idayenera kulembedwa kuchokera kumapeto kubwerera kumayambiriro.

Apa mpamene tizidutswa ta masekondi 30 ta pa TikTok timaonongera zinthu. Wodula amatenga pofwamphukira n'kusiya potchera. Mukaona Bean akuika switi m'thumba osaona kuyetsemula kuja, mwangoona munthu akuika switi m'thumba.

Tikuseka ndani?

Funso ili limabuka pa sitcom iliyonse ikakalamba. Mind Your Language, sewero la kalasi ya anthu a m'mayiko osiyanasiyana ophunzira Chingerezi ku London, lidayamba mu 1977 ndipo lidakondedwa kwambiri m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Koma wailesi ya kanema ya London Weekend Television idaliimitsa mu 1979, mkulu wake wa mapologalamu Michael Grade ataona kuti likuseka mitundu ya anthu pogwiritsa ntchito zithunzi zonyoza. Ambiri mwa amene ankalikonda kunja kwa Britain anali a mitundu yomwe inkasekedwayo, ndipo ena a iwo amati ankadziona okha m'kalasimo n'kumasangalala. Ena amati kuseka kotere kumazoloweretsa anthu kuona mlendo ngati chitsiru. Mkangano womwewu umamveka kuno wazisudzo akatengera kalankhulidwe ka mtundu wina, kapena kayendedwe ka munthu wolumala.

Nkhani ya kugombe ija imayesedwanso pa muyezo umenewu. Oiteteza amati bambo wosaonayo sachita chopusa chilichonse, wangokhala pa mpando wake mwaulemu, ndipo amene tikumuseka ndi Bean ndi manyazi ake opanda pake. Ena amayankha kuti ngakhale zili choncho, kusaona kwa munthuyo kwagwiritsidwa ntchito ngati chida chongodzidzimutsira oonera, ndipo iye alibe dzina, alibe mawu, alibe nkhani yakeyake. Pa mndandanda wa osewera, Roger Sloman, yemwe adatenga mbali imeneyi, amangolembedwa kuti munthu wosaona.